Dzina Limene Silinali Papepala

Achemwali anga a Eliness mukanakumana nawo pamsika wa Zalewa, mukanangogula tomato wanu n'kumapita osacheukanso. Ndi mayi wamfupi, womanga duku mothina, wosakonda zolankhulalankhula. Pakamwa ponse pa banja lathu anandipatsa ine Jessie, ndipo sindikana. Koma chaka chathachi dzina lawo linamveka kuyambira ku Luwani mpaka ku Neno Boma, ndipo mmene linamvekera ndikamaganiza mpaka lero nkhope imanditentha ndi manyazi. Linatsala pang'ono kuwathetsera banja.

Tinakulira kufupi ndi Luwani, nthawi imene kunali kampu ya anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Achemwali ndi oyamba kubadwa, ine wachinayi. Sukulu sanapite nayo patali chifukwa mayi ankafuna wowathandiza kugulitsa zitumbuwa pachipata cha kampu. Atakula anakwatiwa ndi alamu a Gerishon, kalipentala wochokera kumapiri kumtunda kwa Neno Boma, amene anabwera kudzakhoma madenga n'kutsalira konkuno pachikamwini. Anabereka ana anayi, woyamba ndi Rejoice. Moyo wawo unali wa kumunda, kumsika, kutchalitchi ndi kumaliro, basi.

Kumaliroko ndiye kunali kwawo. Pamudzi pakagwa zovuta, amayi ankachita kusuzumira kunjira kuti a Eliness afika liti. Sankakuwa ayi. Ankayambira pansipansi, n'kumatchula tizinthu ting'onoting'ono ta womwalirayo, khasu lake, mayendedwe ake, mpaka ndi amuna omwe panja paja ankayamba kutsokomola mabodza.

Alamu ndi munthu wofatsa, wa pensulo kukhutu tsiku lonse. Pa zaka pafupifupi makumi atatu za banja lawo, sindinamvepo achemwali akuwatchula dzina. Ankati "bambo a Rejoice", kapena "eni nyumba". Ndi mmene anatilerera mayi: mwamuna sumamutchula dzina ngati ukuitana mwana wako. Ine wanga ndimamutchula ndikakwiya, koma zimenezo ndi zanga.

Ndiye kunabwera Kumbukani. Ameneyu ndi mwana wa aphunzitsi ena a ku Zalewa, anaphunzira zojambula ku Blantyre, ndipo ankadyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Anatopa nazo, akuti, n'kuganiza zopanga filimu yakeyake, ya mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake akumulanda katundu maliro asanathe n'komwe. Anayesa atsikana a gulu la zisudzo, koma kulira kwawo kunali kwa anyezi. Wina anamuuza kuti ku Luwani kuli mayi wodziwa kulira.

Mwanayo ali ndi mwambo, izo sindingamunamizire. Anayamba wapempha kwa alamu. Alamu anavomera, mpaka anadzipereka kukhoma bokosi la maliro a mufilimumo. Anthu atayamba kunong'ona kuti kukhoma bokosi popanda mtembo n'kuitana tsoka, iwo anangolitembenuza n'kuwaonetsa kuti linalibe thabwa lapansi. Ankalinyadira bokosi limenelo ngati galimoto.

Mawu oti achemwali alankhule anabwera atalembedwa papepala, ndipo ndinkawawerengera ndine. Pofika pa maliro panalembedwa kuti: "Mwamuna wanga wokondedwa Malizani, wandisiya pa nthawi imene ndimakufunitsitsa kwambiri." Ine ndinaseka mpaka misozi.

"Kumbukani, kodi kwanu mumalira ngati mukuwerenga nkhani pawailesi?" ndinamufunsa.

Achemwali sanaseke. Anamuuza mwaulemu kuti mkazi akaferedwa sanena zikuluzikulu. Amafunsa kuti chitseko chimene chikukhula pansichi akonza ndani, amanena za malaya amene atsala pachingwe. Kumbukani anakhwatcha zake zija n'kulemba zawo. Koma chimodzi anaumirira, kuti dzina la Malizani alitchule ndithu kamodzi, oonera adziwe amene akumulira. Achemwali zinawavuta. Ngakhale mwamuna wabodza, kumutchula dzina lilime linkawalemera.

Kujambula filimu ndi ntchito yotopetsa, musamaone kukoma pakanema. Kumbukani ankatiimika padzuwa kudikira kuti lipendekere kumapiri, akuti la masana limaphwanya nkhope. Akajambulira patali ankati akufuna anthu aone kuchuluka kwa khamu ndi kuchepa kwa wamasiye pakati pake. Akayandikira ankati tsopano akufuna za mumtima. Ndipo chilichonse chikatha, mawu ake anali amodzi: "Tibwereze." Kutuluka m'nyumba, tibwereze. Kutula ndowa, tibwereze. Mudzi wonse unamupatsa dzina loti Tibwereze.

Tsiku lojambula maliro, achemwali misozi inawakana. Anagwada pambali pa bokosi, amayi tonse titazinga, koma maso gwa. Ananena za chitseko, ananena za malaya, anatchula Malizani ngati akuitana munthu pamzere wa kuchipatala.

"Mwananga, ndilira bwanji matabwa a bambo a Rejoice?" anatero. "Ndinaona akuwapala ndi maso angawa."

Kumbukani anaika kamera pansi n'kukhala nawo pafupi. "Mayi, iwalani pepala," anatero motsitsa mawu. "Ganizirani munthu amene simunamulire mokwanira. Aliyense ali naye."

Kenako anandipatsa kamaiki kakang'ono ngati nsonga ya chala kuti ndiwamangirire mkati mwa bulauzi. Ife anatiuza kuti tiimbe nyimbo ya maliro mokweza, tisaleke mpaka atakweza dzanja. Iye anagwada ndi kamera yake pafupi penipeni ndi nkhope yawo.

Tinaimba. Ndinaona mapewa a achemwali akuyamba kunjenjemera, kenako anagwera pabokosi paja, milomo ikuyenda. Zimene ankanena palibe anamva, nyimbo inaphimba zonse. Atakweza dzanja Kumbukani, tonse tinadikira mawu ake aja, koma sanati tibwereze. Anangopukuta m'maso ndi malaya. Pobwerera kunyumba ndinawaseka achemwali kuti asanduka katswiri, iwo anangoti mutu ukuwawawa, ndipo sakukumbuka n'komwe zimene ananena.

Filimu inaonetsedwa Loweruka lina masana mu holo ya vidiyo ya a Rashid ku Zalewa, mawindo ataphimba ndi mapepala akuda a pulasitiki. Anthu a ku Luwani tinabwera pa lole. Alamu anavala jekete yawo ya kutchalitchi, anakhala benchi yakutsogolo, ataitana ndi anzawo kuti adzaone bokosi.

Chilungamo chake, filimuyo inali yabwino. Mapiri athu omwewa, amene timangowatukwana tikamakwera ndi katundu pamutu, anaoneka ngati a dziko lina. Munthu amene ankasewera ngati mlamu wolanda katundu anthu anamukalipira mpaka wina anagenda khoma ndi chitsononkho. Ine ndinadziona ndikudutsa ndi ndowa, ndinagwedeza mnzanga ndi chigongono.

Kenako panafika maliro. Poyamba tinaoneka tonse patali, khamu ndi kabokosi pakati. Nyimbo yathu ija inayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo nkhope ya achemwali inadzaza khoma lonse, msozi uliwonse ukuoneka njira yake. Ndiye mawu anatuluka m'masipika, omveka bwino ngati akukunong'oneza kukhutu.

"Zeka iwe. Zeka, unati ukakolola ubwera. Sipoko zako ndinasunga mpaka zinachita dzimbiri. Anandiletsa kukulira, Zeka."

Achinyamata m'holo muja ankafwenthera, ena akulira poyera. Koma kumabenchi a amayi akuluakulu a ku Luwani kunangoti zii. Kenako mayi wina kumbuyo, amene sadziwa kunong'ona chibadwire, anati, "Ii, si Zeka wa pakampu uja ameneyu?"

Ine Zeka ndinkamudziwa. Anali mnyamata wa ku Mozambiki amene ankakonza njinga pachipata cha kampu, pafupi ndi pamene achemwali ankagulitsira zitumbuwa ali mtsikana. Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo. Zeka anasiya mtolo wa sipoko za njinga kwa achemwali, n'kulonjeza kuti akakolola abwera ndi amalume ake kudzafunsira. M'malo mwake kunabwera uthenga woti anaponda bomba lokwiriridwa akulambula munda wa bambo ake. Ndinali kamtsikana, koma ndikukumbuka achemwali atayamba kulira pabwalo, mayi n'kuwatseka pakamwa ndi dzanja. "Ulira ngati ndani wake? Anakufunsira kwa yani? Ufuna mudzi wonse udziwe kuti unkayenda ndi wothawa nkhondo?" Achemwali anameza kulirako. Chaka chotsatira kunabwera a Gerishon.

Ndinayang'ana kutsogolo. Achemwali anali atadzifunditsa chitenje kumutu. Alamu anakhala phee pabenchi, osatembenuka, mpaka filimu inatha, mpaka maina anayamba kukwera pakhoma, lawo lomwe likuoneka kuti ndiwo anakhoma bokosi. Anzawo aja anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Iwo anaimirira, anavala chipewa, n'kutuluka. Pa lole anakhala kumbuyo kwenikweni, atayang'ana kumene tikuchokera.

Ine sindinakwere ndisanamupeze Kumbukani. Ndinamukokera kuseri kwa holo ndipo ndinamusambitsa chokweza, sindibisa.

"Iwe, papepala pako panali Zeka? Unamva dzina lachilendo, osafunsa?"

Mwana wa eni ake analumbira kuti sankadziwa. Iye anabadwa malole aja atapita kalekale, za Zeka akanazidziwira kuti? Ankaganiza kuti ndi dzina lachikondi limene achemwali anangomupekera Malizani. Anati atamva mawuwo pakompyuta anatsitsa nyimbo dala, chifukwa pamenepo ndi pamene panali filimu yonse. Analonjeza kuti adula. Koma adula chiyani, poti obena nyimbo pa Zalewa anali atayamba kale kuikira anthu filimuyo m'mafoni? Ndipo chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sankanama. Mukachotsa pamenepo, yotsalayo ndi nkhani wamba ya kulanda katundu.

Masabata otsatira anali owawa. Pamsika anthu ankabwera osati kudzagula, koma kudzaona nkhope. Amayi anzathu ogulitsa, anthu oti timadyera limodzi chinangwa, anayamba kunena kuti "tomato wa kwa Zeka". Anyamata a kabaza akadutsa ankati "unati ukakolola ubwera" n'kumaseka. Ndinatukwanapo angapo, koma pakamwa pamodzi sungatseke msika wonse. Achemwali anasiya kupita ku Zalewa. Kutagwa maliro enieni m'mudzi, atangolowa m'nyumba ya siwa amayi onse anatembenuka, makutu ali tcheru kuti lero atchula ndani. Anakhala pakona, chitenje kukamwa, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe.

Alamu sanakalipe, sanafunse kanthu. Bola akanakalipa. Ankadya, n'kuthokoza, n'kupita kukapala matabwa. Ndiye m'mawa wina anamanga sowo, hamala ndi zipangizo zawo zonse panjinga, n'kunena kuti akukaona alongo awo kumapiri. Mkamwini akapita kukaona abale amanyamula shuga. Akanyamula zipangizo, aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Ndinawauza achemwali kuti tiuze ankhoswe. Anakana. "Jessie, ankhoswe akanena kuti ndinalakwa chiyani? Sindinayende ndi munthu. Ndinangolira." Kenako anati, "Koma ndinawavula pagulu bambo aja, atavala jekete yawo. Undiperekeze."

Tinakwera minibasi mpaka ku Neno Boma, kwinako tinayenda wapansi, chitunda chokhachokha. Tinawapeza alamu pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa alongo awo, akupala chitseko. Alongo awo awiri anali pakhonde akusenda kachewere, ndipo moni amene anatipatsa anali wouma ngati chikonyo. Sanachoke. Anasendeza mipando kuti amve bwino.

Achemwali anagwada chapatali. "Bambo a Rejoice, ndabwera kudzapepesa. Ndinakuchititsani manyazi."

Alamu anapitiriza kupala kwa kanthawi, kenako anaima. "Mayi a Rejoice, za Zeka ndinazimva ndisanakufunsireni n'komwe. Anandiuza anthu pamene ndinkakhoma madenga ku Luwani. Munthu wakufa sindingalimbane naye. Zoseka anthu nazonso zimatha."

"Nanga n'chiyani?"

"Mawu aja." Anachotsa pensulo kukhutu n'kumaiyang'ana. "Ndakhala nanu zaka zonsezi, mawu amene aja sindinawamvepo. Sindinkadziwa kuti muli nawo. Ndinawamvera pakhoma la a Rashid, limodzi ndi anthu olipira pakhomo. Ine ndine bambo a Rejoice, ndine eni nyumba, ndine akalipentala. Dzina langa lenileni, lopanda chilichonse kutsogolo, ndinalimva komaliza pakamwa pa malemu mayi anga."

"Ndimakulemekezani," anatero achemwali.

"Ndikudziwa. Ulemu ndiye ndakhuta nawo."

Apa ndinamvetsa chimene ankafuna, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwa achemwali. Mayi wa zidzukulu, wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, atchule mwamuna wake dzina pamaso pa alamu ake aakazi? Alongo aja anali atasiya kusenda, mipeni ili m'manja.

Achemwali anayang'ana pansi. "A Gerishon," anatero.

"Amenewo amaitana ndi a kuchipatala," anayankha alamu. Sanamwetulire. "Tibwereze."

Mawu a Kumbukani pakamwa pa alamu, tsiku lina ndikanagubuduka ndi phwete. Tsiku limenelo ndinangoluma mlomo. Achemwali anakhala nthawi yaitali ali chogwada, manja akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinaona mapewa awo akuyamba kunjenjemera, chimodzimodzi tsiku la bokosi lija. Anadzutsa mutu n'kuwayang'ana alamu m'maso, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Gerishon iwe," anatero. "Tiye kunyumba. Chitseko chathu chikukhula pansi, ukukonza cha eni ake."

Mlongo wamkulu anagwira pakamwa. Wamng'ono anati "Ha," n'kulowa m'nyumba. Achemwali anadziphimba kumaso ndi manja onse awiri, ndipo khosi lonse linali thukuta. Alamu anasesa tizipalo ta matabwa ndi phazi, anapukuta sowo ndi nsanza, n'kuyamba kumanga zipangizo panjinga.

Potsika chitunda achemwali anatsogola patali, chitenje kumutu, osafuna kuyang'anana ndi aliyense. Ine ndinatsalira m'mbuyo ndi alamu, iwo akukankha njinga. Mumtima ndinkati zatha bwino, ndipo ndinayamba kale kukonza mmene ndikawayankhire amayi a pamsika aja.

Titayandikira ku Boma alamu anaimitsa njinga ngati akufuna kumanga bwino chingwe. Anayang'ana achemwali kutsogolo kuja, kenako anatsitsa mawu.

"Mlamu, inu munalipo pojambula paja, mumazidziwa izi. Mkazi wangayu ndaona kuti amatha kusewera. Ndiye tandiuzani, zimene wanena kumtundaku, mwamva bwanji inu? Zinali zenizeni?"

Ndinatsegula pakamwa, ine Jessie amene sindisowa chonena, koma mawu anachedwa kubwera, ndipo alamu anaona kuti achedwa.

"Zinali zenizeni, alamu," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyambanso kukankha njinga.